Ati ndagwa pa masitepe, chikhalirecho akunena kumeta

Mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp ngati Chidatchi chayamba kulowa m'mutu. Chayamba ndithu, koma tamvani zimene ndinaona mwezi watha kuno ku Zwolle, mzinda wa m'dziko la Netherlands.

Loweruka lina ndinakameta mpala. Pobwerera ndinakumana ndi agogo ena aakazi oyandikana nafe nyumba. Anandiyang'ana kumutu n'kufunsa kuti, "Ben je van de trap gevallen?" Liwu lililonse ndinalimva: kodi wagwa pa masitepe? Masitepe a m'nyumba za kuno, abale, ndi opanikiza ndiponso oimirira ngati makwerero a pankhokwe, ndiye ine ndinati agogowa akundimvera chisoni. Ndinayamba kudzipapasa pamphumi kufuna chotupa, uku ndikulumbira kuti sindinagwe. Agogo aja anaseka mpaka kutsamira njinga yawo. Chikhalirecho kuno munthu akameta moonekera amamunyogodola ndi funso limenelo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kabuku kolembamo zining'a m'thumba. Lachinayi lililonse ndimapita nako ku taalcafé, kumene alendo timakacheza ndi eni chilankhulo ku laibulale, n'kumawafunsa tanthauzo la chining'a chilichonse. Safunsa anadya phula.

Zimene ndaona n'zakuti zining'a zawo zimanunkha ng'ombe, madzi ndi njinga. Akamacheza nkhani zopanda mutu, zanyengo ndi zamitengo ya zinthu, amati akukamba "over koetjes en kalfjes", za ting'ombe ndi tiana take. Wina akayamba kufukula milandu yakalekale amamuletsa kuti asavuule ng'ombe zakale mu ngalande, "oude koeien uit de sloot halen". Chimenechi ndinachimvetsa nditakwera sitima: madambo awo sagawidwa ndi mipanda koma ngalande zamadzi, ndipo ng'ombe imagweramodi. Tangoganizani fungo lake mutaivuula patapita chaka.

Njinga kuno ndi zambiri kuposa anthu. Munthu akamvetsa chinthu chimene chimamuzunguza amafuula kuti "O, op die fiets!", kunena kuti ooh, kodi ndi panjinga imeneyo! Ukadandaula kuti kunja kuli mvula, yankho limakhala "Je bent niet van suiker", sunapangidwe ndi shuga. Kwera njinga uzipita, susungunuka.

Chimene chimandikomera kwambiri ndi "helaas, pindakaas". Ukaphonya basi, kapena ukapeza zimene umafuna zatha, mnzako amangokweza mapewa n'kunena kuti "mwatsoka, chiponde". Chipondecho sichinalakwe kanthu, angochiikapo chifukwa mawu awiriwo amathera mofanana. Komanso iwo chiponde amachitcha tchizi cha mtedza, poti lamulo linkasungira dzina loti batala zinthu za mkaka zokha. Nyani nayenso alipo, ngakhale m'tchire lawo mulibe nyani ndi mmodzi yemwe. Cholinga chobisika cha munthu chikaululika amati "nu komt de aap uit de mouw", nyani watulukira kumkono wa malaya.

Koma chining'a chimene chandiphunzitsa za anthu akuno ndi "met de deur in huis vallen", kugwera m'nyumba pamodzi ndi chitseko. Tanthauzo lake ndi kungofikira pa nkhani popanda malonje. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi mawu odzudzula wopanda mwambo. Ayi, munthu amazinena yekha, mosachita manyazi: ndigwe nacho chitseko, ndabwera kudzafunsa zakutizakuti. Ife amene tinaleredwa kuti uyambe waodira, upatsidwe mpando, ufunse za ana ndi za kumunda, kenaka uziti "chandiyendetsa ndi ichi", zimatibaya. Tsiku lina kuntchito ndinapita kwa abwana kukapempha tchuthi. Ndinafunsa za thanzi lawo, za banja, za ulendo wawo wa ku France. Anandidula, osati mwaukali, kuti, "Ukufuna chiyani kwenikweni?" Ndinatuluka thukuta. Tchuthicho anandipatsa mphindi imodzi isanathe. Kunena zoona, pankhani za ntchito njira yawoyi ndayamba kuikonda. Koma ndikadzabwera kumudzi musadzaope, chitseko cha amayi sindidzagwa nacho.

Sabata yatha ndinaganiza zobwezera. Ndinamva kuti sitolo ina ikutsitsa mtengo wa khofi, ndiye nditawaona agogo aja akuthirira maluwa ndinawayandikira n'kuwauza m'Chidatchi changa chothyokathyoka kuti, "Bwerani kuno ndikutsineni khutu." Anaika kathini pansi, n'kuphimba makutu onse awiri ndi manja, n'kundifunsa kuti andilakwira chiyani.