Zogwirira zonenepa pa ndodo za gofu: mmene zakhalira chilimwe ndi dzinja zitadutsa

Zogwirira zomwe tikunena pano, labala uja wovekedwa pomwe manja amagwira ndodo ya gofu, ndi za saizi ya midsize, yonenepa pang'ono kuposa saizi wamba yotchedwa standard, za mtundu uja wa zigawo ziwiri. Kumtunda, kogwira dzanja lamanzere, labala wake ndi wosakaniza ndi ulusi. Kumunsi, kogwira dzanja lamanja, kuli labala wofewa ndipo sikupita kukuwonda monga zimachitira zogwirira zakale. Makampani angapo amapanga zotere. Zinavekedwa pa ndodo zonse kupatula putter, ndodo yogubuduzira mpira m'dzenje, nyengo yozizira ikutha, zadutsa m'fumbi ndi m'kutentha kwa Okutobala, kenako m'mvula ya dzinja. Masabata oyamba chogwirira chatsopano chilichonse chimakoma m'manja, choncho chiweruzo cha nthawi imeneyo n'chosadalirika. Chimene chaoneka patapita miyezi n'chakuti kunenepa kwa chogwirira kumachedwetsa manja. Kumathandiza munthu amene manja ake amathamanga n'kutseka nkhope ya ndodo (mbali ya mutu yomwe imamenya mpira) kuti iloze kumanzere, koma kumapweteka amene amaisiya yotseguka, yoloza kumanja, ndipo anthu a gulu lachiwirili ndiwo ochuluka pa bwalo lililonse. Zonse zili m'munsimu ndi za wosewera wamanja, wamanzere atembenuze.

Manja ndi nkhani yaikulu chifukwa ndiwo amalamula kumene nkhope ya ndodo yaloza pa nthawi yokumana ndi mpira. Makina oyeza mpira, monga TrackMan, anaonetsa kuti komwe mpira umayambira kulowera kumadalira kwambiri nkhope osati njira yomwe ndodo ikudutsa: pafupifupi 85 peresenti pa driver, ndodo yomenyera kutali kwambiri, ndi cha m'ma 75 peresenti pa ma iron, ndodo zofupikirapo za mitu yachitsulo yopyapyala. Kukhota kwa mpira m'mwamba kumabwera ndi kusiyana kwa nkhope ndi njira ija. Nkhope ikatseguka ndi digiri imodzi yokha, mpira wopita mamita 200 umasochera ndi mamita pafupifupi atatu usanayambe n'kukhota komwe. Digiri imodzi pa chogwirira ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Dzanja likangotsetsereka pang'ono madigiri atatu kapena anayi apita.

Dzanja lamanzere ndi limene chogwirira chonenepa chimalisokoneza koyamba. Ndodo iyenera kudutsa mopingasa kuchokera patsinde pa kachala kakang'ono mpaka pa mfundo yapakati ya chala chamkombaphala, ndipo mnofu wa chikhatho wa mbali ya kachala kakang'ono ukhale pamwamba pa chogwirira, osati m'mbali mwake. Kumapeto kutsale sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mayeso ake ndi osavuta: tambasulani mkono, masulani zala zonse kusiya chamkombaphala chokha, ndipo ngati ndodo yakhala bwino imakolekeka pakati pa chalacho ndi mnofu uja osagwa. Chogwirira chikanenepa kuposa dzanja, zala zimalephera kuchizungulira, ndiye ndodo imakwera yokha n'kulowa pakati pa chikhatho. Sizichitika tsiku limodzi. Zimayamba wosewera akatopa, cha m'ma dzenje omaliza, ndipo pakutha mwezi wachiwiri zasanduka chizolowezi. Ndodo ikakhala m'chikhatho, polumikizira dzanja ndi mkono, pomwe timavala wotchi paja, sipapindika momasuka pokweza ndodo. Liwiro la mutu wa ndodo limachepa ndipo nkhope imafika mochedwa, ili yotseguka. Wosewera amaona mpira ukuthawira kumanja n'kuyamba kukonza mapewa ndi miyendo, pomwe vuto lili pa zala.

Kuti mudziwe ngati dzanja lasuntha, imani monga mukufuna kumenya, yang'anani pansi osapendeketsa mutu, muwerenge mfundo za zala zomwe zikuoneka kuseri kwa dzanja lamanzere. Ziwiri kapena ziwiri ndi theka ndiko kagwiridwe kapakati. Zitatu kapena zinayi ndi komwe amati strong, dzanja latembenukira kumanja ndipo nkhope imatsekeka msanga. Imodzi yokha ndi weak, nkhope imakonda kutsala yotseguka. Mzere wopangika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala uziloza pakati pa chibwano ndi phewa lamanja, pa manja onse awiri mofanana. Palibe kagwiridwe kamodzi kokha kolondola. Zach Johnson anawina mipikisano ikuluikulu ya Masters mu 2007 ndi Open mu 2015 ali ndi kagwiridwe ka strong kwambiri, ndipo amazungulitsa thupi mwamphamvu kuti nkhope isatsekeke mopitirira. Jon Rahm amagwira cha ku weak, koma pamwamba pa swing, ndodo ikakwezedwa mpaka pomaliza isanatsike, dzanja lake lamanzere limapindikira mkati, kumene kumatseka nkhope. Ben Hogan anachita kusinthira kagwiridwe kake ku weak dala pothawa hook, mpira wokhotera kumanzere kwambiri. Chofunika n'choti kagwiridwe kagwirizane ndi mmene dzanja limapindikira pamwamba ndi mmene thupi limazungulira. Zogwirira zonenepazi zimakankhira anthu ambiri ku weak osadziwa, chifukwa ndodo ikalowa m'chikhatho dzanja limatembenukira kumanzere. Amene anayamba ndi mfundo zitatu amapezeka ali ndi ziwiri, n'kumati zinthu zawongoka. Amene anayamba ndi ziwiri amatsala ndi imodzi.

Mbali yakumunsi yosawonda ija ndiyo yatikhutiritsa kwambiri, ndipo ubwino wake sunathe ndi nthawi. Pa chogwirira chakale dzanja lamanja limagwira pamalo powonda, zala n'kufinya kuti zidzaze mpata, ndipo dzanja lofinya ndi lomwe limagubuduza nkhope mwadzidzidzi. Apa kunenepa kwake kuli ngati mwakulungako tepi kanayi, moti zala ziwiri zapakati zimagona popanda kulimbana. Chala chachikulu chamanzere chimalowa bwino mu mzere wa chikhatho chamanja. Kwa munthu amene mpira wake umagwera kumanzere mothamanga, makamaka pa driver ndi ma iron aatali, hook ija imasanduka kukhota kwapang'ono kotheka kukhala nako. Omva kupweteka m'mfundo za zala nawonso amapepukidwa, popeza sapinda zala kwambiri. Choipa chake chimaonekera pafupi ndi green, malo a udzu wosalala pomwe pali dzenje. Pa chip ndi pitch, kumenya kwa mtunda waufupi, pomwe mumatsitsa manja n'kugwira kumunsi, mutu wa ndodo sumveka bwino m'zala, ndipo kuyeza mtunda kumatenga nthawi kuti kubwerere. Sizolakwika kusiya ma wedge, ndodo zomenyera pafupizi, pa saizi ya standard.

Kalumikizidwe ka manja nako kamakhudzidwa. Oyika kachala kakang'ono kamanja pamwamba pa zala zamanzere, kagwiridwe kotchedwa dzina la Harry Vardon yemwe anawina Open kasanu ndi kamodzi, sanavutike kwenikweni. Okolanitsa zala monga Jack Nicklaus ndi Tiger Woods ndi amene ayenera kusamala, makamaka ngati zala zawo n'zazifupi. Pofuna kuti zala zikolane mpaka patsinde, amakokera manja onse awiri pansi pa chogwirira chonenepa, dzanja lamanja n'kulowa kunsi, lamanzere n'kutseguka. Kolanitsani nsonga zokha, osakankhira mpaka mkati.

Chinthu chimene ambiri sachiganizira pogula ndi kulemera. Chogwirira wamba cha standard chimalemera magalamu pafupifupi 50, pomwe cha midsize chosawonda kumunsi chimatha kupitirira 60, zina kufika 66. Magalamu anayi kapena asanu alionse owonjezera kumanjaku amatsitsa swingweight, muyeso wa mmene mutu umamvekera kulemera, ndi poyinti imodzi, choncho ndodo yomwe inali D2 imatha kufika C9, kutsika ndi mapoyinti atatu. Ndodo yonse yalemera, koma mutu umamveka wopepuka. Ena amayamba kuthamangitsa ndodo potsika chifukwa sakumva komwe mutu uli, ndipo zimenezi zimawonjezera kutseguka kwa nkhope kuja. Tepi ya mtovu yomata kuseri kwa mutu imabwezeretsa, magalamu awiri pa poyinti iliyonse. Yambani ndi 7-iron yokha musanamate ndodo zonse, chifukwa si aliyense amene kupepukako kumamusokoneza. Bryson DeChambeau anawina US Open mu 2020 ndi mu 2024 ndi zogwirira zazikulu kwambiri za JumboMax, koma iye amagwira m'chikhatho dala ndipo ndodo zake zonse zinakonzedwa motsatira kagwiridwe kameneko. Kutengera kunenepa kokha n'kusiya zinazo sikungapereke zotsatira zake.

Pa kutha kwake, zigawo ziwirizi sizikalamba limodzi. Ya ulusi imapirira. M'thukuta la Okutobala ndi m'mvula ya Januwale inagwirabe, bola ipukutidwe ndi thaulo, ngakhale imadya golovesi msanga ndipo imabweretsa matuza kwa womenya mipira yambiri wopanda golovesi. Ya labala wofewa ndiyo imayamba kufooka. Pamene pamakhala chala chachikulu chamanja pamasalala n'kuyamba kunyezimira, choyamba pa driver, 7-iron ndi wedge yomwe mumaphunzirira. Mitundu yowala imada ndi fumbi lofiira ndipo siyereranso bwinobwino. Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma aliyense amene analimapo ndi khasu la mpini woterera akudziwa kuti dzanja limafinya lokha osauzidwa. N'chimodzimodzi pano. Kufinyako kumalimbitsa mkono wonse mpaka paphewa, ndipo ubwino womwe munagulira chogwirira chonenepa, wogwira mosafinya, umatha mwakachetechete. Kagwiridwe koyenera ndi koti zala zitatu zomaliza zamanzere zigwire molimba ndithu, koma polumikizira dzanja pakhale pofewa moti mutha kugwedeza mutu wa ndodo momasuka musanamenye.

Golovesi yakale imanena zoona kuposa mmene mukumvera m'manja. Ikabooka pa mnofu wa chikhatho wa mbali ya kachala kakang'ono, ndodo ili m'chikhatho kapena mukugwira kumapeto kwenikweni, ndipo ikusuntha pamwamba pa swing. Ikaperepeseka pa chala chachikulu, chalacho mwachitambasula kwambiri ndipo chikutsetsereka. Yogwiridwa bwino imatha mofanana m'zala. Ngati golovesi zanu zinkatha m'zala ndipo mutasintha zogwirira zayamba kubooka pachikhatho, saiziyo yakukulirani.

Kunyezimira kwambiri komwe anthu amati ndi kutha kumakhala litsiro chabe: thukuta, mafuta odzola, mankhwala oteteza ku dzuwa ndi fumbi. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale pang'ono ndi burashi, yolimbirako ku mbali ya ulusi ndi yofewa ku labala, zimabweza kumata kwake. Tsukuluzani bwino, sopo wotsala amateretsa, ndipo ndodo muiweramitse kuti madzi asalowe pa kabowo ka kumapeto n'kudzetsa dzimbiri mu shafti yachitsulo, yomwe ndi mpini wa ndodo. M'miyezi yotentha kutsuka kawiri pa mwezi sikuchuluka. Chimene sopo sangabweze ndi labala wouma ndi kutentha. Chikwama chosiyidwa mu buti ya galimoto padzuwa, makamaka kumalo otentha ngati Nchalo kapena Dwangwa, chimaumitsa zogwirira msanga kuposa kusewera kumene. Dinani ndi chikhadabo: labala wamoyo amabwerera, wouma amakhala gwa kapena amaonetsa timing'alu. A Golf Pride, kampani yopanga zogwirira, amalangiza kusintha zogwirira kamodzi pa chaka kapena pakatha maraundi 40, ndipo kwa wosewera kawirikawiri m'dziko lotentha malire amenewo si okokomeza.

Amene akuganiza zogula asayambe ndi ndodo 13 nthawi imodzi. Yezani dzanja kuchokera pa mzere wa polumikizira mpaka kunsonga ya chala chapakati: masentimita 18 mpaka 22 ndi standard, ndipo midsize imayambira cha pa 21 kukafika 23.5, choncho pali anthu ambiri omwe ali pakati. Kwa amenewa mayeso a zala ndiwo amagamula. Mukagwira ndi dzanja lamanzere, nsonga za chala chapakati ndi chala chovala mphete zizingokhudza mnofu wa chala chachikulu. Zikamira mu mnofu chogwirira chachepa, pakatsala mpata chakula. Midsize imaposa standard ndi 1/16 ya inchi, pafupifupi mamilimita 1.6, ndipo kukulunga tepi kamodzi kumawonjezera 1/64 ya inchi. Ndiye mungathe kuyesa pa ndodo imodzi ndi chogwirira cha standard: kukulunga kawiri kutalika konse, kapena kanayi pansi pa dzanja lamanja lokha. Njira imeneyi siwonjezera kulemera kwambiri, ndipo kwa womenya slice, mpira wokhotera kumanja kwambiri, amene akungofuna dzanja lamanja lisafinye ndiyo yabwino kuposa midsize yathunthu. Iye ayambe watembenuza dzanja lamanzere mpaka mfundo ziwiri ndi theka zioneke, azolowere kwa masabata angapo, kenako aganize za saizi.

Poveka, manani shafti mu vaisi, chopanira chachitsulo chija, ndi labala wotetezera, nkhope ya ndodo ili chilili. Dulani chogwirira chakale ndi mpeni wa nsonga yokhota, mukuloza kutali ndi thupi. Lezala wowongoka amakanda shafti ya graphite ndipo pokandikapo ndi pomwe imadzathyokera. Chotsani tepi yonse yakale, chifukwa yotsala imanenepetsa chogwirira mosafanana ndi ndodo zina. Tepi yomata mbali zonse ipitirire kumapeto ndi sentimita imodzi, muipindire m'kamwa mwa shafti. Tsekani kabowo ndi tee, kamtengo koikapo mpira, thirani white spirit, mankhwala osungunulira penti, m'chogwirira, khutchumulani, tsanulirani pa tepi, n'kukankha kamodzi mpaka chigunde. Palafini amachedwa kuuma ndipo amasiya mafuta, petulo ndi woopsa. Muli ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zowongola mizere. Ngati chogwirira chili ndi kamsana kuseri kokumbutsa zala, komwe malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira gofu, amalola, apa ndi pofunika maso: kakapendekeka pang'ono, manja amatsata kamsanako ndipo nkhope imakhala yotseguka kapena yotsekeka pa mpira uliwonse wa ndodo imeneyo. Yezaninso utali wake ndi chinzake chosaveka, chifukwa chogwirira chokokedwa mopitirira chimawonda kumunsi. Zisiyeni usiku wonse musanamenyere mpira.