Kuyeza kachilombo kosamva mankhwala ku kiliniki ya chiwindi, ndikupatsa nyenyezi 4

Ine ndimakhala kuno ku England ndipo hepatitis C, matenda a chiwindi obwera ndi kachilombo, anandipeza nayo mwangozi poyezetsa magazi pa zina. Ulendo woyamba anandipatsa ledipasvir ndi sofosbuvir, pilisi limodzi patsiku kwa masabata 12, sindinadumphitseko olo tsiku limodzi, alamu pa foni imalira 7 koloko ndili pa shifiti ndimakamwera kubafa. Nditamaliza viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, inali yosaoneka, ndinasangalala. Patatha masabata 12 ena akundiyezanso, eeh kachilombo kabwerera. Ndinalira mu basi anthu akundiyang'ana, mumtima ndimvekere ndalakwitsa pati ine?

Apa ndi pomwe kiliniki ya chiwindi inandisangalatsa. A nesi aja sanayambe ndi kundikalipira ayi, anakoka mpando nkundifunsa modekha ngati ndimamwa omeprazole kapena mankhwala ena a chilungulira chifukwa amachepetsa mphamvu ya ledipasvir mmimba, anafunsanso za rifampicin wa TB ndi zitsamba zochokera kumudzi. Palibe chomwe ndimamwa. Ndiye anati titengenso magazi tikaone kachilomboko mkati mwake, iwo amati resistance test. Amawerenga majini a kachilombo makamaka mbali yotchedwa NS5A yomwe ledipasvir amakagwira, ikasintha pang'ono mankhwala aja amangoterereka osagwira.

Ma result atabwera adokotala anandijambulira papepala kabokosi ndi kiyi, amvekere amayi, loko wanu ndi wina, kiyi tinakupatsani uja sakanatsegula bwino. Kachilomboka kali ndi magulu omwe amati genotype, kanga kanali genotype 4 koma mtundu wa 4r, umene umapezeka kwambiri mmaiko ngati Rwanda ndi Uganda, ndipo kameneka nthawi zambiri kamakhala kosamva mankhwala ena a NS5A chibadwire, usanamwe nkomwe pilisi. Mankhwalawa anawayesa kwambiri pa mitundu yofala ku Ulaya ndi America ngati 1a, 1b ndi 3a. Mawu amenewo ananditula katundu zedi, miyezi yonse ija ndimangodziimba mlandu.

Chomwe chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi kudikira. Milungu inadutsa ndili phee osamva kanthu, ndimaimba foni nkumangouzidwa kuti magazi anapita ku labu ina yakutali, kalata ya apointimenti inafika tsikulo litatsala pang'ono ndinachita kupempha mnzanga andigwirire shifiti. Komanso chimandiwawabe nchoti poyamba paja anangolemba kuti genotype 4 basi osafufuza kuti 4 wake uti, munthu wochokera ku Africa ngati ine akanayenera kuunikiratu.

Ulendo wachiwiri anandipatsa a mitundu itatu mu pilisi limodzi, sofosbuvir, velpatasvir ndi voxilaprevir, masabata 12, kumwa ndi chakudya. Mutu umandipweteka ndi kutsegula mmimba masabata oyambirira koma zopiririka. Anandiunikanso chiwindi ndi FibroScan, kamakina kamangogunda pang'ono mnthiti kumanja kuno, sikapweteka.

Sikuti aliyense amafunika resistance test ija asanayambe mankhwala, ambiri amachira ulendo woyamba womwewo ndi mankhwala ogwira mitundu yonse. Koma abale anga ngati kabwereranso mutamwa mokhulupirika, kapena akuuzani kuti genotype 4 kapena 1 osatchula kalembo kotsatira, afunseni a nesi kuti subtype yanga ndi iti, mwayeza NS5A? Ine mwezi watha a nesi omwe aja anandiimbira ndili kukhitchini ndikuvundula nsima, akuti masabata 12 chimalizireni mankhwala akwana ndipo magazi ali mbee, kachilombo sikakuoneka.