InnoDB kapena PostgreSQL: yankho langa kwa inu amene mumandifunsa

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti pulogalamu yawo yatsopano aikhazike pa database ya MySQL (imene injini yake yosungira deta ndi InnoDB) kapena ya PostgreSQL. Za mtengo ndi liwiro sindichedwapo, zonse n'zaulere ndipo zimathamanga. Ine ndimayang'ana chimodzi: anthu akachuluka n'kumalemba nthawi imodzi, injini imakanira pati, nanga mukapanga upgrade malirewo amachokadi?

Nkhaniyi inandiwawa ndekha zaka zapitazo. Tinali ndi pulogalamu yolandirira malipiro pa MySQL 5.1, pa seva ya kampani ina yobwereketsa maseva. Kutha kwa mwezi, netiweki ikugwiragwira, pulogalamu inkatsegula transaction (gulu la zolemba zimene ziyenera kutheka zonse kapena kulephera zonse) n'kumadikira yankho lochokera kunja isanatseke. Zinaunjikana. Seva ili phee, disiki ili ndi malo, koma lisiti osatuluka. Pa sikirini panali mzere umodzi wokha: Too many active concurrent transactions.

Gwero lake ndi ili. InnoDB ya nthawi imeneyo inali ndi rollback segment imodzi yokha, malo amene imasungamo zobwezera m'mbuyo ngati transaction yalephera. Malowo ankalola ma transaction olemba 1023 basi. Ndipo transaction yochita INSERT (kulowetsa deta yatsopano) komanso UPDATE (kusintha imene ilipo) imadya mipata iwiri, ndiye ife tinkagunda khoma tisanafike n'komwe pa 1023. MySQL 5.5, imene inatuluka mu December 2010, inakonza zimenezi poika ma rollback segment 128.

Kampani ija inatilipiritsa ndalama yapadera ya upgrade, imene sinali m'pangano lathu. Tinalipira. Mwezi wotsatira, uthenga womwe uja! Mtima unandipweteka chifukwa ndinali nditawatsimikizira kale anzanga a ku ofesi ya ndalama kuti vuto latha. Nditafufuza ndinapeza kuti ma segment atsopanowo amapangidwa pokhapokha seva itazimitsidwa mwa slow shutdown (kuzimitsa kodikira kuti injini imalize ntchito zake zonse), ndiye kuti setingi ya innodb_fast_shutdown ili pa 0, kenako n'kuyatsidwanso. Zinalembedwa poyera m'buku la malangizo. Iwo anangosintha pulogalamu, mafayilo a deta n'kutsala ndi malire akale. Version ikuti 5.5, mkati muli 5.1. Mlandu ndi wa amene tinawalipira aja, osati wa injini, koma kuchokera pamenepo sindikhulupiriranso nambala ya version ndisanayese ndekha.

InnoDB ya lero ili kutali ndi khoma limenelo. Mu MySQL 5.7 ma segment 32 anapatulidwira matebulo osakhalitsa, 96 n'kutsalira ntchito zina, ndipo n'zokwanira kwa ambiri a ife. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mukawoloka kuchoka pa 5.7 kupita pa 8.0 palibe kubwerera, kupatula ngati muli ndi backup. Popeza 5.7 inasiya kusamalidwa mu October 2023, mtsinje umenewo muwoloka ndithu.

PostgreSQL nayo ili ndi malire ake, koma imakukanirani pakhomo. Connection iliyonse imakhala ndi process yakeyake, malire a ma connection (max_connections) amayambira pa 100, ndipo ikadzadza imanena mosabisa kuti too many clients already. Mankhwala ake ndi odziwika: ikani kutsogolo PgBouncer, pulogalamu yogawira anthu ambiri ma connection ochepa. Version 14 ya mu 2021 inathandizanso kuti isafooke ma connection akachuluka. Misampha yake yeniyeni ndi iwiri. Woyamba: nambala za ma transaction ndi za 32-bit, choncho vacuum (ntchito yoyeretsa matebulo) ikatsalira m'mbuyo ndi ma transaction pafupifupi 2 biliyoni, database imasiya kulandira zolemba. Wina ndi wa ma savepoint, malo obwererako mkati mwa transaction amene amapanga ma subtransaction: transaction imodzi ikapitirira ma subtransaction 64, seva yotanganidwa imayamba kukwawa popanda uthenga uliwonse. Umenewu ndiye ndimauopa.

Pa upgrade, chida cha PostgreSQL chotchedwa pg_upgrade chili ndi --check, imene imakuuzani zovuta musanakhudze deta. Chenjerani ndi --link yokha, imene imagwiritsa ntchito mafayilo akale omwewo osawakopera, chifukwa mukangoyatsa seva yatsopano yakale ija simungaidalirenso.

SQLite, database ina yaing'ono, musaiike m'mpikisano umenewu, imalola wolemba mmodzi pa nthawi.

Pa ntchito yatsopano ine ndimatenga PostgreSQL, ndipo ndikuvomera kuti chilonda chija chikulankhulapo. Ngati muli kale pa InnoDB ndipo ikuyenda, khalani pomwepo. Koma amene akukupangirani upgrade muwauze akuonetseni pa seva yoyesera, ma transaction olemba opitirira 1023 ali otsegula nthawi imodzi, musanasaine invoisi yawo.