Diso lopanda kagalasi: njira iti yoposa zinzake?

Ambiri amafunsa chochita ngati munthu anachotsedwa ng'ala koma sanamuikire kagalasi kena m'diso, kapena kagalasi kake kachibadwa kanachoka atavulala. Funso loyamba kwa dokotala wa maso likhale ili: kodi kathumba kamene kankasunga kagalasiko katsalako? Ngati katsala, ngakhale m'mphepete mokha, amaika kagalasi ka zigawo zitatu (kagalasi penipeni ndi timiyendo tiwiri tokagwiriziza) kutsogolo kwake n'kuchepetsa mphamvu ya kagalasiko ndi 0.5 kapena 1. Kagalasi ka acrylic ka chigawo chimodzi sikoyenera pamenepo, chifukwa kamakhula kuseri kwa iris, gawo la mtundu lozungulira mwana wa diso, mpaka diso kukha magazi m'kati ndi kukwera presha.

Magalasi ovala a +10 mpaka +12 ndi otsika mtengo, koma amakuza zinthu pafupifupi kota, mphuthu za chitseko zimaoneka zokhota, ndipo wobwera chakumbali amangotulukira mwadzidzidzi. Ngati diso linalo ndi labwinobwino sathandiza, poti maso awiriwo amaona zinthu zosiyana kukula. Contact lens, magalasi omamatira padiso penipeni, amakuza pang'ono chabe ndipo amathandiza makanda, koma amafuna madzi aukhondo ndi manja osamba tsiku ndi tsiku.

Nkhani imavuta pamene kathumba kanang'ambikiratu. Njira yachangu ndi kagalasi ka kutsogolo kwa iris, kotchedwa ACIOL, ndipo ndi kamene ndimakadandaula kwambiri. Sikuti ndi koipa pakokha, koma kamaikidwa mothamanga. Kutalika kwake kumayenera kukhala muyeso wa cornea, gawo loonekera ngati galasi la kutsogolo kwa diso, kuchoka mbali ina kufika mbali ina, kuonjezapo milimita imodzi. Kakafupika kamayendayenda n'kumagunda kuseri kwa cornea. Kakatalika kamabaya pangodya pamene cornea imakumana ndi iris, diso n'kumapweteka ukalikhudza. Pamafunikanso kuboola kabowo pa iris kuti madzi azidutsa, apo ayi presha imakwera. Ndipo madzi onanda a m'kati mwa diso amene atulukira kutsogolo ayenera kuyamba adulidwa bwinobwino, chifukwa akatsala amakoka retina, kansalu ka kumbuyo m'kati mwa diso kolandira kuwala.

Vuto lake lenileni limadza pambuyo. Maselo a kuseri kwa cornea akafa sameranso. Munthu amaona bwino zaka zingapo, kenako diso limayamba chifunga ndi matuza opweteka, ndipo mankhwala ake ndi kumuika cornea ya munthu wina, chinthu chosapezeka wamba kwathu kuno. N'chifukwa chake kwa mwana, wachinyamata kapena wodwala glaucoma (nthenda imene kawirikawiri imadza ndi kukwera kwa presha ya m'diso), ine ndimakana.

Kagalasi kosokera ku gawo loyera la diso kamakhala kuseri, kutali ndi cornea, koma ulusi wopyapyala kwambiri wa 10-0 polypropylene umatha kuduka patapita zaka, kagalasi n'kupendekeka kapena kugwera pansi pa diso. Madokotala ambiri tsopano amasokera ndi ulusi wokhuthalirapo wa 9-0 kapena wa mtundu wa Gore-Tex. Njira ya dokotala Shin Yamane wa ku Japan, yofalitsidwa mu 2017, ilibe ulusi: singano ziwiri zopyapyala za 30-gauge zimalowa mamilimita 2 kuchokera m'mphepete mwa cornea, zimatulutsa timiyendo ta kagalasi, ndipo nsonga za timiyendoto amaziotcha kuti zitupe zisabwerere. Ndi yabwino m'manja ozolowera, koma singanozo zikapanda kuyang'anizana ndendende, kagalasi kamapendekeka.

Ine mtima wanga uli pa kagalasi kokoletsa pa iris, ka mtundu wa Artisan, kamene dokotala Jan Worst wa ku Netherlands anayambitsa mu 1978, makamaka kakakoledwa chakuseri. Opaleshoni yake ndi yaifupi, palibe ulusi wodikira kuduka, ndipo cornea imakhala pamtendere. Kamafuna iris yolimba, bala lake ndi la mamilimita oposa 5, ndipo nthawi zina mbali imodzi imamasuka, koma amaikoletsanso. Ngati iris inang'ambika pangozi, sankhani ya Yamane, ndipo mufunse dokotalayo ngati amaichita kawirikawiri.