Ndemanga: katswiri wa ku Salima amene anakonza seva ya gulu lathu

Ku ofesi ya gulu lathu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota tili ndi seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) yoyendera Linux, yosungira mafayilo a ngongole ndi malonda. Pulogalamu yolandira mafayilowo imatumikira anthu angapo nthawi imodzi kudzera m'ma thread, tizigawo ta pulogalamu tomwe timagwira ntchito nthawi imodzi. Vuto linali lakuti fayilo ya alembi inkapezeka yalembedwa m'dzina la asungichuma, ndipo tsiku lina asungichumawo ankakanizidwa kutsegula fayilo yawo yomwe. Ndalama za alimi zikafika pamenepo, anthu amayamba kukayikirana.

Tinaitana katswiri wina wa ku Salima, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chimene ndinawakondera bambowa n'chakuti sanathamangire kutigulitsa seva yatsopano. Anakhala pansi, anawerenga code, kenako anandifotokozera bwinobwino. Kernel, womwe ndi mtima wa Linux, imasunga UID (nambala yozindikiritsa munthu) ndi GID (nambala ya gulu lake pa seva) za thread iliyonse payokhapayokha. Koma POSIX, yomwe ndi malamulo amene mapulogalamu otere amatsata, imafuna kuti process (pulogalamu imene ikuyenda) yonse ikhale ndi mwini mmodzi, choncho setuid(), njira yosinthira UID ya mu glibc (code yokonzeratu imene mapulogalamu a Linux amadalira), ikaitanidwa imatumiza signal (uthenga) kwa ma thread onse kuti nawonso asinthe. Thread imodzi ikatenga dzina la alembi, ma thread ena onse ankatenganso lomwelo, ngakhale imene inali pakati posunga fayilo ya munthu wina.

Bambowa anasiya njira ya glibc n'kuitana setresuid, setresgid ndi setgroups (zosinthira UID, GID ndi magulu a pa seva) mwachindunji ku kernel kudzera pa syscall(), kuti thread yoitanayo yokha ndiyo izisintha. Anaonetsetsa kuti magulu ndi GID zikusintha kaye, UID pomaliza, chifukwa thread ikasiya udindo wa root (mwini mphamvu zonse pa seva) siingasinthenso magulu. Anasunganso root mu saved UID (UID yosungidwa pambali) kuti thread ikamaliza ntchito ibwerere mwakale. Anandiuza kuti Samba, pulogalamu yodziwika yogawira mafayilo, nayo imachita zofanana ndi zimenezi pa Linux.

Poyesa, alembi ndi asungichuma anadina Save limodzi, aliyense pa kompyuta yake. Titalemba ls -l, lamulo loonetsa mafayilo ndi eni ake, fayilo iliyonse inali ndi dzina la mwini wake. Chikonzereni, vutolo silinabwererenso.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa chifukwa sanatisiyire cholembedwa chilichonse. Njira imeneyi ndi ya Linux basi, ndipo wina akadzabwezeretsa setuid() wamba mosadziwa, mavuto aja adzayambiranso. Ndawapempha pa WhatsApp kuti atitumizire tsamba limodzi lofotokoza zimene anasintha, ndipo ndikudikirabe.