Digiri ya masters ya zofalitsa nkhani ku Britain: ndemanga yanga chaka chitapitirira

Ndikuphunzira digiri ya masters ya zofalitsa nkhani pa yunivesite ina ya ku Britain kudzera pa intaneti, uku ndikugwira ntchito kuno ku Malawi. Maphunziro a m'kalasi ndamaliza, ndipo pano ndili mkati mwa kafukufuku, choncho ndikutha kusiyanitsa zofunika zomwe zimangoopsa pa pepala ndi zomwe zimalemeradi munthu akalowamo.

Zofunika polowa sizinandivute kwambiri. Ankafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makalata a umboni, kalata yofotokoza cholinga changa, ndi mayeso a Chingerezi a IELTS, omwe masukulu ambiri kumeneko amafuna kuti munthu apeze 6.5 kapena 7.0. Zimenezi munthu amachita kamodzi, nkhani n'kutha.

Chimene chimalemera ndi nthawi. Digiri ya masters ku Britain imakhala ndi makerediti 180, ndipo kerediti imodzi imawerengedwa ngati maola khumi, kutanthauza maola 1,800 a kuwerenga, kulemba ndi kufufuza. Makerediti 120 amachokera m'makosi, pomwe 60 otsalawo ndi a dissertation, lomwe ndi lipoti lalitali la kafukufuku wa wophunzira. Wolekera pa 120 amangolandira dipuloma. Ndaona kuti maolawa si nambala yongolemba, chifukwa sabata imene ntchito yandipanikiza mpaka kulephera kuwerenga, zotsatira zake zimaoneka pa ntchito ya kusukulu yomwe ndapereka. Pa sukulu yathu kukhoza kumayambira pa 50, ndipo 70 ndiye kupambana mwapadera, koma malikisi amenewo sabwera chifukwa chobwereza bwino zimene akatswiri ananena. Mtolankhani anazolowera kufotokoza zimene zachitika, pomwe pa sukuluyi aphunzitsi amafuna kuti ukatchula mfundo ya akatswiri McCombs ndi Shaw ya mu 1972, yoti ofalitsa nkhani ndi amene amasankhira anthu zoti aziganizira, uonetsenso ngati ikugwirabe ntchito masiku ano pamene nkhani zimayamba kuzungulira pa WhatsApp wailesi isanaulutse.

Kosi imene ndikuiyamikira kwambiri ndi ya njira zochitira kafukufuku, yomwe ndi yokakamiza ndipo anzanga ambiri ankaiona ngati yotopetsa. Kafukufuku wanga ndi wa magulu omvera wailesi za m'madera, ndipo sindinaloledwe kufunsa munthu aliyense funso komiti ya yunivesite yoona za ufulu wa ofunsidwa isanavomereze. Popeza ofunsidwawo ali ku Malawi, pankafunikanso chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zachikhalidwe cha anthu yomwe ili pansi pa National Commission for Science and Technology, bungwe la boma la Malawi loona za sayansi ndi kafukufuku. Ndondomekoyi inandiphunzitsa zambiri. Ndinamasulira m'Chichewa fomu yopempha chilolezo kwa ofunsidwa, ndi kuiwerenga mokweza pamaso pa gulu, ndipo amayi ena amene salemba anadinda chala atafunsa kaye kuti mawu awo ojambulidwa asungidwa kuti komanso adzawamva ndani. Pa ntchito ya utolankhani sindinafunsidwepo funso limeneli, ndipo ndikuona kuti anali ndi chifukwa chomveka cholifunsira.

Chodandaula changa ndi chakuti mabuku omwe sukuluyi imatipatsa akunena kwambiri za America ndi Ulaya, moti zolemba za wailesi za mu Africa ndimachita kuzisaka ndekha. Mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga amayankha bwino, koma nthawi yokumana naye ndi yowerengeka, motero munthu ayenera kupita ndi chaputala cholemba kale, osati maganizo okha. Fizi nayonso imalipiridwa m'mapaundi, zomwe zimawawa kwacha ikagwa.

Kwa amene akugwira ntchito pa wailesi kapena m'maofesi ofalitsa uthenga, digiriyi ndi yoyenera ngati abwana avomera kukupatsani mpata m'miyezi ya dissertation, ndipo pempho la chilolezo cha kafukufuku mulikonzeretu makosi asanathe.