Zidina kapena mabuloko a simenti: khoma lopirira namondwe

Nyanja ikamatentha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, namondwe amabwera ndi mvula yochuluka. Freddy wa mu Marichi 2023 anagwetsa nyumba ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje makamaka ndi madzi ndi matope.

Mtengo: zidina mumaumba nokha. Mabuloko amadya simenti yambiri, ndipo thumba lake ndi lodula.

Mvula ya masiku angapo: zidina zimanyowa kuyambira pansi, khoma n'kugwera anthu ali m'tulo, ndipo ichi ndiye chimandiopsa. Mabuloko amapirira, bola maziko akhale okwera.

Nyengo yotentha: nyumba ya zidina imazizira bwino.

Zidina zimayenera wokhala pamtunda pouma, akaika khonde lalikulu ndi pulasitala. Wakudambo alimbikire mabuloko. Wokhala m'tsinde mwa phiri la Soche asamuke, chifukwa miyala yogumuka imagwetsa makoma onse awiri.